Kulondola Mkuzi wa Yankho Mpaka ku Liverpool

Ndiyambe ndi kuulula ndekha, chifukwa nkhaniyi ikafika kwa amayi a kutchalitchi kwathu ku Barking kudzera pakamwa pa wina, idzafika itathiridwa kale tsabola. Mwana wanga Yankho ankavala mkuzi m'chiuno. Eya, mwana wa ine ndemwe woimba kwaya, ine wa satifiketi ya kusamalira odwala ndi okalamba, amene ndinalemba mayeso a za majeremusi n'kukhoza. Unali ulusi wakuda wopota, wokhala ndi kachithumwa kosokedwa m'kansalu, kakang'ono ngati nyemba. Ndinkaubisa pansi pa thewera. Namwino wa kusikelo atauona tsiku lina, ndinamuuza kuti kwathu timaonera umenewo ngati mwana akunenepa. Anati ndi nzeru yabwino, bola usamuthine.

Anamumanga ndi mayi anga. Anabwera kuchokera ku Linthipe kudzandidikirira, chifukwa mimba yanga yoyamba inathera kumanda. Anali mtsikana, anabadwa ali duu, ndipo ndinatuluka m'chipatala ndi chikwama cha zovala zimene sanavalepo. Ndiye Yankho atabadwa n'kulira, mayi sanafunse maganizo a munthu. M'mawa wa tsiku lobwerera kumudzi, masutikesi ali kale pakhomo, anamugoneka pabedi n'kumumanga mkuziwo. Anati, "Usaudule. Ndipo anthu akunja asaugwire, sudziwa kumene agona. Munthu wotentha akaukhudza, watha ntchito." Wotentha ndiye aliyense amene wachokera kumphasa ndi mwamuna kapena mkazi. Sindinafunse zimene anasokeramo. Sindinanene kuti ndikukhulupirira, sindinanenenso kuti sindikukhulupirira. Chimene ndikudziwa n'chakuti kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kupeza tulo.

Bambo a Yankho, a Limbikani, ali m'chaka chachinayi cha digiri ya udokotala, osati wa odwala ayi, wa anthu a ku Igupto amene anafa Mose asanabadwe. Amafufuza zithumwa zimene amayi a kumeneko ankamanga ana awo: zingwe za mfundomfundo, tizigoba ta m'nyanja, timikanda. Zithunzi zake zimakhala mbwee pathebulo lathu lodyera. Tsiku lina ndinawafunsa kuti zingwezo amazipeza kuti. Anati m'manda a ana. Ndinasonkhanitsa mapepalawo n'kuwaika pamwamba pa filiji, ndipo sindinafunsenso.

Lachinayi lina ndinali pa shifiti ya masana kunyumba yosungira okalamba ku Romford. A Limbikani ananyamuka kupita ku Liverpool, ku msonkhano wa ophunzira a digiri zapamwamba ofufuza za Igupto wakale, kumene aliyense amapatsidwa mphindi makumi awiri kuti afotokoze zimene wapeza. Mwana anamusiya kwa mayi wotilerera wa pansi pathu. Nditamutenga madzulo n'kumuvula kuti ndimusambitse, m'chiuno munali mbee, mutangotsala kamzere koyererako pamene ulusi unkadutsa. Ndinakutumula mabulangeti, ndinapisa manja m'bini ya matewera. Kenako pafoni panalowa uthenga: "Mkuzi wa mwana ndatenga ine, ndikufuna ndikaonetse mawa. Ndibwera nawo Loweruka. Usade nkhawa." Ndinaimba kasanu. Sanayankhe.

Pulogalamu ya msonkhano inali yomata pachitseko cha filiji: dzina lawo, Lachisanu, hafu pasiti 3 masana. Ndipo ndinakumbukira zimene ankanena poyeserera kulankhula kukhitchini, kuti anthu a m'misonkhano amatopa ndi zithunzi, umawagwira mtima ukawapatsa chinthu choti apatsirane m'manja. Ndinagula tikiti ya basi ya 8 koloko m'mawa, yofika ku Liverpool cha m'ma 2 koloko. Ya sitima sindikanaikwanitsa. Kuntchito ndinanama kuti mwana wadwala, ndipo nditangotseka foni ndinadziluma lilime, chifukwa bodza lotere silinenedwa pa mwana amene m'chiuno mulibe kanthu.

Tinatuluka m'nyumba kukungoyera, Yankho ali kumsana m'chitenje, chikwama cha matewera paphewa. M'sitima ya District line anthu a ntchito anali atadzaza kale, aliyense maso pafoni. Ku Upton Park mtsikana wina wovala yunifolomu ya m'sitolo anandisiyira mpando. Titadutsa Aldgate East sitima inaima mumdima mphindi khumi, popanda wotiuza chifukwa. Ndinamutsitsa Yankho n'kumugwira pachipumi. Anali wofunda. Kapena dzanja langa ndi limene linali lozizira, sindinathe kusiyanitsa.

Ku Victoria, kuchoka pa sitima kukafika kokwerera mabasi pali kamtunda, ndipo ndinathamanga ngati ndaba. Ndinafika kutatsala mphindi zisanu, thukuta lili kamukamu, kungopeza kuti basiyo sinabwere n'komwe. Tinaima pamzere, nkhunda zikuyendayenda pakati pa miyendo yathu ngati nazonso zagula matikiti. Inatulukira 8 koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu. Dalaivala sanapepese. Anangoyang'ana mwana, n'kuyang'ana ine, ngati akuwerengera kale maola a kulira.

Mpando umene ndinapeza unali pambali pa mayi wina wachikulire, wathupi, wovala duku la buluu ndi jekete lachikopa, atakhazika pamiyendo chidebe chokutidwa ndi thaulo. Ndinali kunong'oneza Yankho kuti, "Tonthola bambo, tonthola," mayiyo n'kutembenuka msangamsanga.

"Iyee! Ndimwe ba ku Malawi? Nkhalani apa mwana wanga, nipaseni chola. Ine ndine Amai Tembo, wa ku Chipata, koma ninkhala ku Tottenham. Niyenda ku Stoke, mwana wa mlongo wanga akwatiwa mailo, pa Loweruka. Ndine mlangizi wake."

M'chidebemo munali zitumbuwa. Fungo lake linandikumbutsa kuti sindinadye chilichonse kuyambira masana a dzulo lake.

Mkati mwa London basi inayenda ngati ikuperekeza maliro. Marble Arch, Finchley Road, kenako kuima ku Golders Green kudikira bambo wina amene chikwama chake chinakana kulowa kunsi. Ine maso anali pa wotchi ya pafoni. Ndinkachotsera, kuphatikiza, kuchotseranso, ngati masamuwo angakankhe basi.

"Muyenda kuti na mwana mu mphepo yaso?" anafunsa Amai Tembo titalowa mumsewu waukulu.

"Ku Liverpool, kwa bambo ake. Ali ku msonkhano wa sukulu."

"Baphunzila vichani?"

"Za Igupto wakale. Manda, mitembo youmika, zithumwa."

Anandiyang'ana kaye, kenako anaseka mpaka chidebe chinagwedezeka. "Awe shuwa! Mulungu anavutika kuchosa bantu ku Igupto na milili teni, beve babwelelako na sikolashipi?"

Ndinaseka nawo, koma kuseka kwanga kunakhotera kwina, ndipo ndinapezeka ndikupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Munthu amene sudzakumana nayenso ndi wosavuta kumuululira. Tisanafike ku Luton ndinali nditawauza zonse, za mtsikana wanga uja, za mayi, za uthenga wa pafoni. Sanandidzudzule, sanatchule vesi. Anangotulutsa chitumbuwa n'kundiika m'manja.

Ku Milton Keynes basi imaima kutchire, kunja kwa tauni, pamalo a kanyumba kamodzi ndi mphepo yochuluka. Dalaivala anati mphindi khumi, wochedwa asiyidwa. Ndinathamangira kuchimbudzi kukasintha thewera, Amai Tembo akunditsatira ndi chikwama. Nditamuvula mwana, anawerama n'kuyang'ana kamzere kaja. Kenako anayeza ndi zala zawo m'chiuno, n'kuyezanso m'matako.

"Banauchosa bwanji?"

"Mwina anauvula chotsitsa m'miyendo."

"Na matako aya? Mwana wanga, uyu mwana ni wonenepa. Ulusi siungapite apa."

"Unali wokhwepa," ndinanama.

Amai Tembo anangotola sokosi imene inagwa pansi n'kumuveka Yankho. Kunena zoona, ndinali nditazidziwa kale chimadzulo chija, kungoti ndinkakana kuzidziwa. Titabwerera m'basi anandigwira pabondo.

"Mvelani. Ngati badula chabe, si mlandu ukulu. Mupeza nkhalamba yozizila, imanga futi. Ine ndine wamasiye zaka seveni, ningakumangileni, mubwela chabe ku Tottenham. Koma ngati bagwilako bantu, basi, wasala ulusi monga wa ku shopu."

Ndinalemba nambala yawo. Kenako ndinalembera a Limbikani: "Chonde musaupereke m'manja mwa munthu aliyense. Ndikukupemphani." Uthengawo anauwerenga, chizindikiro chinaoneka. Patapita nthawi anayankha kuti, "Ndili mkati, tikambirana mawa." Sindinawauze kuti ndili m'njira. Ndiulule chifukwa chake: ndinkaopa kuti akanena kuti bwerera kunyumba, ndikanatsika ku Birmingham n'kubwereradi. Ndimadzidziwa.

Ku Birmingham tinafika 12 koloko itatsala pang'ono. Anasintha dalaivala, anthu ena anatsika, ena anakwera, ndipo panabuka mkangano wa mpando pakati pa anyamata awiri a payunivesite ndi bambo wina wa suti, umene unadya mphindi zina khumi. Komabe masamu anga ankati tifika hafu pasiti 2. Ola lathunthu lotsala. Ndinayamba kupuma bwino, mpaka ndinadya chitumbuwa chachiwiri.

Tisanafike ku Stafford m'basi munayamba kununkha ngati tayala lopserera. Kutsogolo kunayamba kulira kachinthu, pii, pii, pii. Basi inachepetsa liwiro, inakhotera kumbali kwa msewu, n'kuzima. Dalaivala watsopanoyo, mayi wamfupi wa mawu aakulu, anaimirira n'kunena kuti tonse titsike, tiwoloke chitsulo cha m'mbali mwa msewu, tikaime pakamtunda ka udzu, chifukwa kukhala m'basi yoima pamsewu wotere n'kuitana imfa. Anati basi ina ikubwera. Wina anafunsa kuti ifika nthawi yanji. Anati ikubwera.

Kamtundako kanali konyowa. Malole ankadutsa ndi mkokomo wogwedeza m'mimba, lililonse likutimenya ndi mphepo yake. Kunayamba kuwaza kamvula kaja ka kuno, kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Bambo wa suti uja ankazungulirazungulira akukalipira munthu pafoni. Anyamata a payunivesite anakhala pa zikwama zawo n'kumajambula basi. Gogo wina wachizungu, wonjenjemera manja ngati amene ndimawasambitsa ku Romford, anandibweretsera ambulera yake, n'kubwerera kukaima pamvula.

Yankho anayamba kulira kulira kwenikweni, kokoka miyendo. Ndinatulutsa choyezera kutentha m'chikwama, pakuti ndimayenda nacho kulikonse, ngakhale kutchalitchi. Chinaonetsa kuti wafunda pang'ono chabe. Satifiketi yanga inkandiuza kuti si kanthu, taona dovu likuchuchalo, taona mmene akulumira chala, ndi mano amenewo. Koma satifiketi yomweyo inalipo tsiku limene mtsikana wanga anasiya kugunda m'mimba, ndipo inandiuza kuti ana amagona, dikira mpaka mawa. Ndinakhala pa udzu wonyowawo, ndinadzifunditsa chitenje n'kumuyamwitsa, dzanja langa lili m'chiuno mwake pamene panalibe kanthu.

Ndinapemphera. Tangoganizani pemphero lake. Kupempha Mulungu wa Isiraeli kuti atumize basi msanga ndikapulumutse chithumwa. Abusa athu akanamva akanandiika pabenchi ya kumbuyo miyezi itatu. Ndinayamba ndi "Atate," ndinasowa popitiriza, ndinangoti, "Mukudziwa kale."

Patapita theka la ola, Amai Tembo anavundukula chidebe chija. "Mkwatibwi azadya vosala," anatero, n'kuyamba kuyenda pamzere wa anthu akugawa zitumbuwa. Bambo wa suti anafunsa ngati muli mtedza. Iwo anamuyankha m'Chizungu kuti mulibe, kenako anatembenukira kwa ine n'kunena mokweza m'chinenero chathu, "Afunsa monga alipila." Gogo wa ambulera anadya ziwiri. Dalaivala anadya chimodzi atatembenukira kumbali.

Atabwerera anakhala pansi pafupi nane, akupuma mwamphamvu.

"Bamuna banu, ni bantu boipa?"

Funso limenelo linandivuta. Samwa, samenya, matewera amasintha. Koma zaka zinayi ine ndakhala ndikutembenuza nkhalamba za eni pabedi, kuzipukuta, kuzidyetsa phala ndi sipuni, kuti iwo akhale mulaibulale ndi akufa awo. Sindinadandaulepo pagulu. Anthu akafunsa ndimati a dokotala ali pafupi kumaliza. Poyamba ankafufuza za mabwato a pa mtsinje wa Nailo. Mutu wa kafukufukuyo anausintha mtsikana wathu atapita. Patangotha sabata chiikireni maliro anabwerera kusukulu, ndipo mwezi wotsatira pathebulo panayamba kuoneka zithunzi za manda a ana. Za mwana wathuyo sanatchulepo ngakhale kamodzi. Masiku amene ndimafuna kuwakhululukira ndimadziuza kuti ine ndinalira ndi maso, iwo akulira ndi mabuku. Tsiku limenelo, pa udzu uja, sindinkafuna.

"Si oipa," ndinayankha. "Kungoti chilichonse akachiona amafuna achitsegule aone mkati."

"Hm. Bophunzila," anatero Amai Tembo, ngati akutchula dzina la matenda.

Basi ina inafika 2 koloko itatsala mphindi zisanu. Tinakwera tili chinyowere, mipando yake yonunkha mankhwala otsukira. Masamu anga tsopano ankati tifika nthawi yomweyo imene a Limbikani aziimirira kutsogolo. Ndinayesa kudzilimbitsa mtima kuti misonkhano imachedwa, wina amalankhula mopitirira, kompyuta imavuta. Ndinaiwala kuti kuno si kwathu.

Ku Stoke Amai Tembo ananyamula chidebe chawo chopepuka. Anamugwira Yankho patsaya, kenako anandiweramira.

"Mukafika, osamutukana pa bantu. Tengani chintu chanu, mukakambe ku nyumba. Mwamuna ukamuchitisa nsoni pa banzake, saibala."

"Nanga manyazi anga ine?"

"Aah, yanu muzanyamula, monga ise tonse." Anatsika, ndipo ndinawaona pawindo akukodola mtsikana wina amene anabwera kudzawachingamira.

Kuchoka pamenepo sindinaone chilichonse cha m'njira. Hafu pasiti 3 inakwana tili pamzere wa magalimoto polowa mu Liverpool, kutsogolo kwathu kuli lole ya simenti. Ndinayang'ana manambala akusintha pafoni, ndinaizimitsa. Titatsika ndinakwera takisi, ndinamuonetsa dalaivala dzina la nyumbayo papepala, ndipo sindinadikire chenje.

Pakhomo la holo panali thebulo la timabaji ta mayina ndi makapu a tiyi oyalidwa kale. Mtsikana wolandira alendo anafunsa ngati ndinalembetsa. Ndinati ndine mkazi wa amene akulankhulayo. Anamwetulira Yankho, anati n'zosangalatsa kuti banja labwera kudzachemerera, n'kunditsegulira chitseko pang'onopang'ono. Ndinakhala pampando wakumapeto, mzere womaliza.

A Limbikani anali kutsogolo, atavala suti ya paukwati wathu, akuyankha mafunso m'Chizungu chosalala chimene kunyumba sindichimva. Kumbuyo kwawo, pakhoma, panali zithunzi ziwiri zazikulu zogundizana. Kumanzere chingwe chofiirira cha mfundo zisanu ndi ziwiri, chochokera m'manda a mwana wa ku Igupto. Kumanja mimba ya Yankho, mchombo wake, thaulo lathu lachikasu, ndi mkuzi uli m'chiuno. Nkhope anaidula. Pansi pake analemba kuti Malawi, masiku ano.

Mayi wina wa magalasi anafunsa ngati mayi wa mwanayo amakhulupiriradi zimenezi. A Limbikani anayankha kuti mayiyo ndi wophunzira, amagwira ntchito ya zaumoyo, ndipo maganizo ake ali pakatikati. Anthu anagwedeza mitu, ena analemba.

Pamenepo wina anandikhudza pachigongono. Anali mnyamata wandevu wokhala pambali panga, akundipatsira kabokosi ka pulasitiki koonekera mkati. Kanali katayenda mizere yonse, ine ndinali womaliza. Anandinong'oneza kuti ndikhoza kutulutsa, aliyense waloledwa kugwira, ndipo ulusi wake ndi wofewa modabwitsa.

Mkuzi unali utagona chowongoka, nsonga zake ziwiri zodulidwa bwinobwino. Anaumangirira kapepala ka nambala. Kansalu ka chithumwa kanali katasomoledwa n'kuyalidwa, ndipo za mkati anaziika m'timatumba tiwiri tosiyana. M'kamodzi munali timizu tiwiri. M'kenako munali kanthu kakuda kouma, kokhwinyata, ndipo pakapepala pake analemba kuti n'chosadziwika. Ine ndinachidziwa. Ndinachiona chikugwa pa tsiku lachisanu ndi chinayi, mayi n'kuchitola ndi kansalu. Unali mchombo wa Yankho.

Ndinatulutsa zonse, ndinaziika m'kamisolo, n'kumubwezera mnyamatayo kabokosi kopanda kanthu. Anatsegula pakamwa, koma nthawi yomweyo Yankho anamva mawu a bambo ake n'kukuwa mosangalala. Mitu yonse inatembenuka, anthu anaseka mokoma mtima. A Limbikani anaima pakati pa chiganizo. Wotsogolera anati nthawi yatha, ndipo holo yonse inaomba m'manja.

Anandipeza m'khonde, anthu akutuluka kukamwa tiyi.

"Mayi a Yankho, wabwera bwanji kuno? Mwana m'mphepo yonseyi?"

"Munadula ndi chiyani?"

"Tiye panja tikakambirane."

"Ndafunsa kuti munadula ndi chiyani."

"Kasizasi kowengera zikhadabo zake."

"Munasomolanso."

"Ndinatsegula mosamala. Msoko uliwonse ndinaujambula, ndikhoza kubwezera mmene unalili, sungasiyanitse. Ndi mmene timagwirira ntchito."

"Bwanji osandipempha?"

"Ukanakana."

"Eya, ndikanakana."

Anatsitsa mawu. "Tamvera. Anthu awa akhala zaka akukamba za zingwe zimenezi ngati za mtundu wina umene unatha. Lero aona kuti amayi athu akumangabe, kuti Igupto ali mu Afirika. Mkulu wina wandiuza kuti ndilembe nkhaniyi, akhoza kuitulutsa m'buku. Ndi tsogolo la Yankho yemweyu."

"Mwamugoneka pambali pa mwana wakufa, a Limbikani. Pakhoma, anthu onse akuona."

Nkhope yawo inachita ngati ndawaponda pachilonda, ndipo kwa kanthawi ndinaganiza kuti atchula dzina limene sitilitchula m'nyumba mwathu. Koma wina anasuzumira pachitseko n'kuitana kuti olankhula onse akufunika pa chithunzi cha gulu. Anayang'ana chitseko, anayang'ana ine, anayang'ananso chitseko.

"Mphindi zisanu zokha. Usachoke."

Ndinalowa m'chimbudzi cha amayi, ndinamugoneka Yankho pa kathebulo kosinthira matewera. Ndinkadziwa kuti mkuziwo wagwiridwa ndi manja a holo yonse, ndinkadziwa kuti womanga sindine, komabe ndinauzunguliza m'chiuno mwake. Nsonga zinangokhudzana. Pomangira mfundo panalibe. Ndinayesa kukoka, mwana anakwinya nkhope, ndinasiya. Ndinakulunga zonse m'kampango, ndinamubereka, n'kutulukira khomo la kumbuyo kupita kukakwera basi ya 5 koloko.

Dzino linatuluka Loweruka m'mawa, kutentha kunatha. A Limbikani anafika masana ake ndi maluwa a pasiteshoni, ndipo mpaka lero amanena kuti waona, anali mano. Sindiwatsutsa. Kampango kali m'sutikesi pansi pa bedi. Tulo tanga tinathawanso, ngati kale mkuzi usanamangidwe.

Mayi amaimba foni Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi. Lamulungu loyamba lija anafunsa za mvula ya kuno, za ntchito, kenako anati, "Mkuzi uja sukumuthina?"

"Ayi, uli bwinobwino."

"Usaukhudze. Akadzayamba kuyenda udzaduka wokha, ndiye kuti wamaliza ntchito yake. Ukadzaduka undiuze, ndidzagone."

Papita masabata asanu ndi awiri ndikuyankha chimodzimodzi. Yankho tsopano amaima chogwirira mipando. Ndikaweruka ku Romford, ndisanavule n'komwe yunifolomu, ndimagwada pakapeti, ndimamuimika, n'kumugwira zala ziwiri. "Dede, dede, bwera kwa mama." Amaponya phazi limodzi, n'kukhala pansi phwa, akuseka. A Limbikani amatiyang'ana ali pathebulo pakati pa mapepala awo, amati ndisamukakamize, mwana aliyense ali ndi nthawi yake. Ndimamuimikanso.